Tsiku limene ndinabayibitsa ana osawadziwa

Ku America munthu akakuuzani kuti "tiye ku mpira", yambani mwafunsa kuti mpira wake uti. Ine sindinafunse, ndinangolumphira m'mwamba.

Ndinafika mumzinda wa Iowa City mu Ogasiti 2021 kudzachita digiri yachiwiri pa University of Iowa. Ndinkachita lendi kachipinda kapansi m'nyumba ya abambo ena achikulire amene analima chimanga moyo wawo wonse asanapume n'kusamukira m'tauni. Mumtima ndinkangowatchula kuti agogo. Akazi awo anali atamwalira chaka chathacho, ndipo m'nyumbamo munkakhala zii moti ndinkamva firiji ikulira. Kumayambiriro kwa Okutobala anagogoda pachitseko changa n'kufunsa ngati ndinali ndi zochita Loweruka, chifukwa anali ndi matikiti awiri. Ndinavomera asanamalize n'komwe. Mwana wa ku Ndirande, wokulira m'Maule, angakane mpira waulere?

Usiku womwewo ndinatsegula YouTube n'kupeza kuti ndalonjeza kukaonera zinthu zina. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, amaunyamula m'manja, ndipo osewera amavala zisoti ndi zotchinga mapewa ngati akupita kukagumula nyumba. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo, apo pokha ndiye tikufanana. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi kena, ikalephera mpira umapita kwa adani. Kufika nawo kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6, kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri italiitali ndi mapointi 3. Masewerowo ali ndi zigawo zinayi za mphindi 15, koma wotchi imaimaima moti munthu umakhala pabwalo maola oposa atatu. Ndinazimitsa foni ndikudandaula kuti Loweruka langa lapita.

Chimene sindinkachimvetsa n'chakuti awa ndi ana asukulu. Kwathu timu ya koleji ikamasewera, oonera amakhala anzawo a m'kalasi ndi mayi wogulitsa mandasi. Kuno bwalo la yunivesite, Kinnick Stadium, limalowa anthu pafupifupi 69,000, kuposa Bingu National Stadium yathu, pomwe mzinda wonse wa Iowa City uli ndi anthu cha m'ma 75,000 basi. Boma la Iowa lilibe timu mu ligi yaikulu ya akatswiri ija ya NFL, ndiye alimi, manesi, madalaivala ndi anthu amene sanapondeko n'komwe pa yunivesite amaika mtima wawo wonse pa anyamata a zaka 19 ndi 20 amenewa, a Hawkeyes.

Tsikulo linali pa 9 Okutobala. Masewero ankayamba masana, koma agogo anandidzutsa m'mamawa, nandiponyera juzi yakuda yokhala ndi mutu wa kabawi wagolide pachifuwa. Pamsewu wa Melrose Avenue panali posapondeka. Anthu anatsegula kumbuyo kwa magalimoto awo, kuika mbaula, mipando ndi makoolabokosi, n'kumawotcha nyama ndi masoseji kuyambira m'mawa ngati pachinkhoswe. Agogo akangonena kuti "mnyamata uyu ndi wa ku Malawi, lero ndi tsiku lake loyamba", anthu ankasiya zimene akuchita. Za Malawi ankafunsa pang'ono chabe, ena ankasokoneza ndi Mali. Chimene aliyense ankafuna chinali kundiuza za tsiku lake loyamba.

Bambo wina wamimba yake ndithu, atagwira chopanira nyama, anati iye anayamba mu 1985 ali ndi zaka 9, tsiku limene Iowa inali nambala 1 m'dziko lonse, Michigan nambala 2, ndipo Iowa inapambana 12-10 ndi mpira womenyedwa ndi phazi nthawi itatheratu. Koma anaseka n'kuvomera kuti mpirawo sanauone ukudutsa, chifukwa akuluakulu onse anaimirira ndipo iye ankangoona misana. Chimene amakumbukira ndi malume ake akumunyamula m'mwamba akulira ngati mwana. Mayi wina anati iye anabwera ali mtsikana wa sekondale ndipo za masewerowo sakumbukira kanthu, koma ng'oma za bandi zimene zinkagunda m'chifuwa mwake, moti anabwerera kwawo atatsimikiza kuti adzaphunzira pa sukulu imeneyi. Ndinaona kuti onse amene ndinacheza nawo ankayamba ndi kutchula munthu amene anawabweretsa.

Agogo anakamba yawo tikuyenda kupita ku geti. Iowa ndi boma limene limakolola chimanga chambiri kuposa ena onse ku America, ndipo Okutobala ndi nthawi yokolola. Bambo awo anali munthu wosadziwa tchuthi. Koma Loweruka lina anazimitsa thirakitala, kuvala shati yoyera, n'kuuza mwana wawo kuti akwere galimoto. "Ndimakumbukira tikutuluka mumdima wa masitepe n'kuona udzu wobiriwira uja," anatero. "Bambo anandigwira dzanja kuti ndisasochere. Sanandigwirenso dzanja tsiku lina lililonse." Kenako anandiuza kuti mpando umene ndikakhalepo unali wa akazi awo kwa zaka zoposa 30. Mu 2020 mabwalo anali otseka kwa ochemerera chifukwa cha Covid-19, ndipo chaka chimenechi mu Seputembala ankabwera okha, mpandowo n'kumaikapo jekete.

Ndinasowa chonena. Ndinangoti zikomo.

Panja pa bwalo pali chiboliboli cha Nile Kinnick, mnyamata amene anapambana Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wabwino koposa m'makoleji onse, mu 1939, n'kumwalira mu 1943 ndege yake itagwera m'nyanja akuphunzira za nkhondo. Agogo anandiuzanso monyadira kuti chipinda chovalira cha alendo anachipaka penti wapinki, nzeru za kochi wakale Hayden Fry, ati kuti adani afooke. Kwathu tikanati n'zamankhwala, kuno amati saikoloje.

Adani a tsikulo anali Penn State. Iowa inali nambala 3 m'dziko, iwo nambala 4, ndipo phokoso linali loti munthu wapafupi umamuona pakamwa pokha. Ine ndinkangotsatira anzanga. Akaimirira ndiimirira, akakuwa ndikuwa, nthawi zina ndinkakuwa pamene ena akugwira kumutu. Chigawo choyamba sichinayende bwino, alendo anali patsogolo, ndipo bambo wa kumbuyo kwathu anali atatukwana kale refa, kochi ndi mwana wa eni ake woponya mpira uja.

Kenako chigawocho chinatha, ndipo anthu onse anatembenukira mbali imodzi.

Kuseri kwa bwalo, tsidya la msewu, kuli nyumba yaitali yagalasi. Ndinali nditaiona polowa koma ndinkaiyesa maofesi. Ndi chipatala cha ana, Stead Family Children's Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2017. Pansanjika yapamwamba, ya nambala 12, pali mawindo aakulu oyang'ana m'bwalo, ndipo tsiku la masewero ana odwala amene angathe amakwezedwa kumeneko ndi makolo awo. Chaka chomwecho mayi wina analemba pa Facebook kuti bwanji ochemerera azibayibitsa anawo, ndipo kuyambira pamenepo zimachitika pamasewero aliwonse chigawo choyamba chikatha. Sabayibitsa ochemerera okha ayi. Osewera a matimu onse awiri, makochi, marefa, ngakhale bambo wotukwana uja, onse anakweza manja. Pa sikirini yaikulu anaonetsa ana ali pawindo, ena opanda tsitsi, ena ali ndi timapaipi m'mphuno, wina atanyamulidwa ndi amayi ake, akubayibitsa nawo.

Dzanja langa linakwera lokha. Koma mutu unali utabwerera ku Blantyre.

Ndili ndi zaka 16, mng'ono wanga, amene anali ndi zaka 7, anatupa tsaya. Tinkayesa dzino. Inali khansa ija imagwira ana ambiri kwathu, yotupitsa nsagwada. Anagonekedwa miyezi ingapo, amayi ali gadiyani, akugona pansi pambali pa bedi. Ntchito yanga inali kupititsa chakudya. Ndinkafika pakhomo la wodi, kupereka kontena kwa amayi, n'kunamizira homuweki. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkaopa nkhope yake, fungo la mankhwala, ndiponso bedi limene dzulo linali ndi mwana lero n'kukhala lopanda munthu. Loweruka lina amayi anandiuza kuti, "Mng'ono wako akukufunsa, mawa ubwere ukhale naye, inenso ndikachape." Ndinavomera. Mawa lakelo kunali Maule ndi Manoma pa Kamuzu Stadium, ndipo mnzanga wina anali ndi njira yolowera. Ndinatuma mwana wa aneba ndi kontena ija, ine n'kupita ku Chichiri. Limenelo ndiye linali tsiku langa loyamba kulowa mu sitediyamu. Anthu akamakamba za tsiku lawo loyamba, ine langa sindinkalitchula.

Mng'ono wanga anachira. Lero ndi mnyamata wamtali kundiposa, amakonza mafoni ku Limbe, ndipo chatsala ndi kachipsera basi. Amayi sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo nkhaniyo sitinaikambepo kwa zaka 12.

Kubayibitsa kuja sikutenga nthawi, mwina mphindi imodzi. Ndikudziwa kuti wina anganene kuti n'zotchipa, kukweza dzanja uli ndi soseji m'dzanja linalo, kenako n'kubwerera ku mpira pamene mwana uja akubwerera ku diripi. Inenso ndaganizapo choncho, makamaka chifukwa khamu lomwelo, masewero ali mkati, linkakuwiza osewera a Penn State amene ankagwa atavulala, ati akunamizira kuti achedwetse masewero. Anthu ake omwewo, manja ake omwewo. Komabe ine amene ndinalephera kuyenda mtunda waufupi kuchoka pa sitediyamu kupita ku wodi sindingapeputse anthu 69,000 amene amaimitsa chinthu chimene amachikonda kwambiri kuti ayang'ane kumene kuli odwala. Agogo anandiona ndikupukuta m'maso ndi juzi yawo ija. Sanafunse kanthu. Anati akazi awo ankabayibitsa ndi manja onse awiri, n'kundipatsa mtedza.

Zotsalazo zinayenda ngati filimu. Penn State inafika potsogola 17-3, kenako woponya mpira wawo, Sean Clifford, anavulala n'kutuluka. Amene analowa m'malo mwake anasokonezeka ndi phokoso, anzake sankamumva, ndipo ankalangidwa mobwerezabwereza chifukwa chonyamuka nthawi isanakwane. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti kukuwa kuja ndi ntchito, ndipo ndinaigwira mpaka mawu anatha. Kutatsala mphindi pafupifupi 6, Spencer Petras anaponya mpira wautali kwa Nico Ragaini, amene anathamanga nawo mpaka kumapeto. Iowa inapambana 23-20, ndipo ana asukulu anadumpha mpanda n'kudzaza bwalo lonse. Agogo anati mawondo awo sangalole, koma ine ndipite. Ndinakhala nawo pampando paja mpaka anthu anachepa.

Malawi ili patsogolo ndi maola 7 nyengo imeneyo, ndiye ndinadikira kuti kuche. Lamulungu m'mawa ndinaimba pa WhatsApp.

"Achimwene, mawu atani? Mwadwala?"

"Ayi, ndinali ku mpira."

"Mpira wa azungu uja wogwirana ngati ndewu?"

Ndinamuuza za chipatala chija ndi mawindo ake. Kenako ndinamufunsa ngati amakumbukira tsiku limene amayi ankandidikira ine osabwera. Ndinati ndinanama, sindinali ku sukulu, ndinali ku sitediyamu, ndipo ndikupepesa.

Anakhala chete moti ndinayesa netiweki yadula.

"Ndinkadziwa, achimwene. Gadiyani wa pabedi loyandikana nalo anali ndi kawailesi, tinamvera wodi yonse. Ine ndinkauza anzanga kuti achimwene anga ali komweko, abwera adzatiuze mmene zinalili. Ndiye simunabwere mawa lakenso."

Izi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mlandu wanga unali wopita ku mpira.

"Pepa, aise," ndinatero.

"Basi, zinatha izo. Ndiye ndiuzeni za dzulozo. Koma muyambire poyambirira, bandulo ndili nayo. Choyamba, n'chifukwa chiyani amati football pomwe akugwira ndi manja?"

Ndinayambira pa mbaula za pa Melrose Avenue. Pamwamba ndinkamva agogo akukoka mpando kukhitchini, akuika ketulo pamoto.