Mukafika ku Bwanje, mudya kuti?

Amangwetu, nkhaniyi yayamba ndi lamya. Mwana wa mlongo wanga yemwe wakhala ku Toronto zaka zambiri anandiimbira usiku kunena kuti akubwera kudzaonetsa mkazi wake kumudzi, ndipo mkaziyo, yemwe ndi wa ku Canada konko, akufunitsitsa kukaona ku Mua. "Koma amalume, kumeneko tikadya kuti? Kunotu ukatuluka pakhomo umapeza malo odyera a mitundu yonse mumsewu umodzi," anatero mnyamatayo.

Funsolo linandichititsa manyazi chifukwa ndadutsa m'chigwa cha Bwanje kosawerengeka koma ndinali ndisanatsikepo n'kukhala pansi kudya ngati munthu. Safunsa anadya phula, choncho ndinanyamuka ndekha kukayesa mimba yanga ndisanapereke ya mlendo.

Ndinakwera minibasi pa Dedza boma kuli chisanu choluma makutu. Titayamba kutsetsereka msewu wa Khwekhwelere aliyense anakhala chete, ngakhale kondakitala amene, poti makhotawo ndi osaseweretsa ndipo kumbali kuli phompho. Pofika pansi jekete inali itasanduka katundu. Mitengo ya malambe inayamba kuoneka, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinadziwa kuti ndafika kuchigwa.

Pa Golomoti ndi pamphambano. Msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Salima umadutsa pomwepa, wina umakhotera ku Monkey Bay, ndipo njanji nayo ili chapafupi. Pamene pali mphambano pali njala, pamene pali njala pali chiwaya. Anyamata amakazinga tchipisi cha mbatata ya kachewere yotsika kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, pambali pake nyama ya mbuzi ikuthetheka m'mafuta. Apa ndikulangizeni: imani pompo muone mbatata ikulowa m'mafuta ndi maso anu. Musalandire tchipisi chomwe chaunjikidwa m'mphepete mwa chiwaya, chifukwa simudziwa chakhalapo kuyambira nthawi yanji. Yang'ananinso mafutawo. Akada ngati oyilo wa galimoto, pitani pa chiwaya china, palibe amene angakumangeni.

Ndili chiimire ndinaseka ndekha pokumbukira kuti Canada yemwe mphwanga akunyadirayo anafika kale pa Golomoti. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito kuno mu 2022 anamangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada pamodzi ndi InfraCo Africa. Komabe nsima yomwe ndinadya tsikulo inaphikidwa pa nkhuni.

Nsimayo ndinaipeza kuseri kwa magolosale, m'kanyumba ka zitseko za nsalu komwe mayi wina wachikulire amaphika ndi mwana wake. Malo otere sakhala ndi pepala la zakudya ayi. Umangofunsa kuti, "Mayi, lero kuli ndiwo zanji?" Iwo anandiyankha kuti, "Bambo, kuli nkhuku ya lokolo, nyemba, usipa ndi chisoso chotendera. Mudya nsima kapena mpunga?" Ndinasankha nsima ya mgaiwa ndi usipa wofutsa, ndipo mwana uja anabwera ndi jagi ndi sopo n'kundithirira madzi m'manja.

Za jagizi musazione zazing'ono. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika zedi. Mukaona beseni limodzi lomwe aliyense akusambamo m'manja, tulukani mwaulemu. Ine zinandionekerapo zaka zapitazo pa malo ena omwe sinditchula, ndinagona masiku atatu ndikuthamangira kuseri. Chakudya chikhale chotentha, chotuluka nthunzi, madzi akumwa akhale a m'botolo lotseka kapena owiritsa, basi.

Cha m'ma 2 koloko ndinakwera galimoto ina kulowera ku Mua. Kuchoka pamsewu wa phula umakwera pang'ono kulunjika kuphiri, ndipo umangoona nyumba za njerwa zofiira za mishoni yomwe Azibambo Oyera anatsegula mu 1902. Pano ndi pamene pali KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi luso omwe anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe anthu anamupatsa mfunda wa Chisale. M'nyumba ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Mpongozi wathuyo akadzafika adzapeza kuti wakwawo anatsogola kalekale.

Kwa mlendo yemwe mimba yake sinazolowere za pamsika, pa Mua ndi pamene ndingamuyambitsire. KuNgoni kuli malo ogona alendo otchedwa Namalikhate, chapafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Koma kuno si ku Toronto komwe umangolowa n'kukhala pampando. Ngati mukufuna chakudya, tumizani mawu nthawi ikadalipo, kapena nenani mukangofika musanalowe kukaona zigoba, kuti ophika akonzekere. Nkhuku ya kumudzi imayamba yathamangitsidwa kaye.

Madzulo ndinafika pa Mtakataka, kwa Mfumu Kachindamoto, komwenso kuli sukulu yophunzitsira apolisi. Nyanja ili pafupi, ndiye nsomba ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku: usipa, utaka, mlamba wowamba, ndipo mukachita mwayi kampango. Chambo musachiyembekezere kwambiri. Chinachepa m'nyanja, ndipo chomwe chagwidwa chimathamangira ku Lilongwe komwe kuli ndalama. Wina akakuonetsani tiana ta chambo pamtengo wotsika, kanani, chifukwa kugula kwanuko ndi komwe kukumaliza nsombayi. Nsomba yaiwisi itseguleni makha: akhale ofiira, maso owala, osati otuwa.

Koma chomwe chinandigwira mtima pa ulendo wonsewu ndi mpunga. Chigwachi chili ndi sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo madzi ake amachokera mumtsinje wa Namikokwe. Alimi pano amalima Kilombero, mpunga uja umanunkhira mpaka kwa aneba. Ndinaudya pa Mtakataka ndi nyemba ndi mlamba, ndipo ndikunenetsa kuti palibe hotela ya m'tauni yomwe inandipatsapo wotere. Chondiwawa n'chakuti ife apaulendo timadutsa pano magalasi otseka, titanyamula buledi ndi zakumwa za m'sitolo za m'tauni, kenaka n'kukagula mpunga womwewu ku Blantyre uli m'pepala lokongola pamtengo wokwera. Mlimi ndi mayi wophika uja satolapo kanthu pa ulendo wathu, chikhalirecho fumbi la galimoto zathu amapuma ndi iwo.

Mitengo sindilemba muno, poti kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa lero sukhala wa mawa. Ingofunsani musanadye, ndipo nyamulani ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenje chimavuta. Chakudya chabwino chimapezeka pakati pa 12 ndi 2 koloko. Mukachedwa mupeza mikute.

Ndiye mphwanga, yankho lako ndi ili. M'mawa mudzamwe tiyi ndi zitumbuwa zotentha pa Golomoti, masana mudzadye ku Mua mutatumiza mawu, tsiku lotsatira ndidzakutengereni ndekha pa Mtakataka kukadya Kilombero ndi nsomba. Mkazi wakoyo umuuziretu kuti nsima timadya ndi manja, ndipo akamaliza adzathokoze mayi wophikayo. Pobwerera mudzagule thumba la mpunga kwa alimi eni ake, ndi malambe oti ana akapangire juwisi. Ine langa ndinagula kale, ndipo kondakitala anandilipiritsa mpando wathunthu.