Kalata kwa achemwali anga ku Kabudula: za nambala ija ya pa pepala la mwana

Achemwali, a Naphiri,

Kalatayi ndailemba poyera monga tidagwirizana, popanda dzina la mwana kapena la mudzi, chifukwa kuyambira ku Nambuma, kudzera pa Nsaru mpaka ku Namitete, sipangalephere kupezeka mayi wina wobereka mwana wonga wathuyu, amene mpaka lero palibe wamuuza chimene chikumuvuta.

Mudandifunsa pa foni za zilembo zija, E76.1, zomwe zili pakona pa pepala lochokera ku South Africa. Mudati alamu akuda nkhawa kuti mwina ndi ndalama zoti mulipire. Auzeni mtima ukhale m'malo. Imeneyo ndi nambala ya matenda a mwana, yolembedwa kuti dokotala wa ku Lilongwe, wa ku Johannesburg ndi wa ku Japan onse amve chimodzi, ngakhale zilankhulo zawo zisiyane. Alamu amadziwa bwino kuti belo la fodya lopanda nambala ya mlimi likafika ku okushoni ku Kanengo, kaya fodya wake akhale wokongola chotani, mwini wake sadziwika ndipo ndalama yake simupeza. Matenda opanda nambala nawonso sawerengedwa, ndipo pogawa ndalama za mankhwala palibe amene amawakumbukira.

Nambalazi zili m'buku lalikulu la bungwe la WHO lotchedwa ICD. Adaliyamba ndi Mfalansa wina, Jacques Bertillon, mu 1893, pofuna kuti maiko azilemba mofanana zimene zikupha anthu, ndipo WHO idalitenga mu 1948. Lomwe tidazolowera ife olemba za odwala ndi lachikhumi, ICD-10. M'menemo chilembo E ndi cha matenda a shuga, a chithokomiro, a kuperewera kwa zakudya ndi ena okhudza mmene thupi limagwiritsira ntchito zomwe lalandira. E76 ndi banja la matenda otchedwa mucopolysaccharidosis, omwe ngakhale madokotala amangowadula kuti MPS. Nambala yotsatira kadontho ndiyo imanena mtundu: 0 ndi matenda a Hurler, 1 ndi a Hunter, 2 ndi mitundu ina monga Morquio ndi Sanfilippo, 3 ndi pamene mtundu sunadziwike. Tsiku lija ku Kamuzu Central, dokotala wa ana atamuyang'ana nkhope ndi manja n'kulemba MPS ndi chizindikiro cha funso, mwana wathu adali pa E76.3. Timadontho ta magazi tomwe adadonthetsera pa kakhadi n'kutumiza kunja ndito tamusunthira pa E76.1. Ku South Africa kuyambira 2005 chipatala chikamafuna ndalama ku kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo chimayenera kulemba nambala ya matenda, choncho kumeneko kuika nambala pa pepala n'chizolowezi. Buku latsopano, ICD-11, lidayamba kugwira ntchito mu 2022, ndiye tsiku lina mukadzaona 5C56.31 musadzaganize kuti abwera matenda ena. Ndi omwewa.

Tsono matendawo ndi otani? Thupi la munthu limamanga ndi kugumula tsiku ndi tsiku. Muli zinthu zina zonanda, za mtundu wa shuga, zomwe zimathandiza kumanga khungu, mafupa ndi molumikizira mafupa. Si shuga wa mu tiyi ayi, ndipo si matenda a shuga aja adavuta amalume a ku Mpingu, choncho musamumane mwana phala lotsekemera. Zinthuzi zikatha ntchito, thupi limazidula tizidutswa ndi timankhwala take tomwe totchedwa enzaimu, n'kuzichotsa. Mwana wathu adabadwa wopanda enzaimu imodzi yogwira bwino ntchito, dzina lake iduronate-2-sulfatase. Zoyenera kuchotsedwa zija zimangounjikana pang'onopang'ono. N'chifukwa chake adabadwa bwinobwino, wojintcha, kusikelo alangizi a zaumoyo akumuyamikira, ndipo zachilendo zidayamba kuoneka atadutsa zaka ziwiri. Zikaunjikana m'chiwindi ndi mu kapamba, mimba imakula ndipo mchombo umatuluka, uja agogo adamangapo kobiri ndi kansalu. Zikaunjikana m'lilime ndi kummero, ndiye mkonono uja umamveka mpaka pakhonde, ndi mamina osaleka chilimwe ndi dzinja. Ndidamuona pa Khirisimasi akulimbana ndi mbamu ya nsima, zala zitapindika, zikukana kutambasuka ndiponso kufumbata bwino, mpaka adangoikankhira mkamwa ndi chikhatho. Si ulesi kapena kupusa. Ndi zomwezo zadzaza m'mfundo za zala.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndimakhala ndi makaundula a odwala. Ndikatsegula kabuku kakuchipatala ka mwanayu ndimaona ulendo uliwonse womwe mudayenda naye pa kabaza: chifuwa, khutu lotuluka mafinya, chifuwa, malungo, chifuwanso. Palibe bodza m'menemo, zonsezo adadwaladi. Kaundula wa pa chipatala chaching'ono ali ndi mndandanda waufupi wa matenda ofala, ndipo zotsala zonse zimaponyedwa m'gulu la matenda ena. Mwezi ukatha ziwerengero zimapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma n'kulowa mu kompyuta ya DHIS2. Kumeneko mwana wathu sadziwika kuti ndi munthu mmodzi wodwala nthenda imodzi. Amaoneka ngati zifuwa zambirimbiri za ana osiyanasiyana. Sindingadzudzule dokotala wa kumudzi amene mzere wa odwala wake wafika pansi pa mtengo panja, chikhalirecho matendawa mwina adangowamva kamodzi ali pasukulu. Koma taganizani. M'maiko omwe amawerenga, amapeza kuti pa ana pafupifupi 25,000 obadwa, mmodzi amakhala ndi mtundu wina wa MPS. Kuno ku Malawi ana obadwa pachaka amapitirira 600,000. Ngati ifenso tili ngati anzathuwo, ndiye kuti ana oposa 20 chaka chilichonse amabadwa nawo. Ali kuti? Ali m'gulu lija la matenda ena, ndipo ambiri amaikidwa m'manda anthu akunena kuti kudali kulodzedwa. Makompyuta tili nawo ndithu. A Baobab Health adayamba kumata timapepala ta mizeremizere pa timabuku ta ana ku Kamuzu Central kale mu 2001. Chosowa ndi munthu woti alembe dzina lenileni, ndi malo m'kaundula oti dzinalo likhalepo.

Ndikuuzeni zoona, poti bodza silingakuthandizeni. Nambalayi si mankhwala. Mankhwala aliko kunja, ndipo mbiri yake ndi yodabwitsa. Dokotala Charles Hunter wa ku Canada ndiye adalemba koyamba za matendawa mu 1917, ataona anyamata awiri a mimba imodzi. Padapita zaka 51 anthu asakudziwa chochita, mpaka mu 1968 mayi wina wasayansi ku America, Elizabeth Neufeld, ndi anzake adasakaniza m'kambale kamodzi maselo a wodwala Hunter ndi a wodwala Hurler. Maselowo adachizana, aliyense kupatsa mnzake enzaimu yomwe inkasowa. Pamenepo anthu adadziwa kuti enzaimuyo ingathe kuperekedwa kuchokera kunja kwa thupi. Ya matenda a Hunter, yotchedwa idursulfase, idavomerezedwa mu 2006. Imaperekedwa pa diripi sabata iliyonse moyo wonse, imachepetsa kutupa kwa chiwindi ndi kuthandiza kuyenda, koma siifika ku ubongo. Mtengo wake pachaka ndi madola mazana a zikwi, ndipo m'zipatala zathu za boma mulibe. Wina akadzabwera pakhomo ndi botolo kapena mizu n'kunena kuti achotsa matendawa, musagulitse mbuzi.

Chinanso chomwe nambalayi siinena ndi kukula kwa matendawo. E76.1 imalembedwa kwa mwana yemwe ubongo wake udzakhudzidwe, amene amayamba kuiwala mawu omwe adawadziwa kale ndipo kawirikawiri safika zaka 20. Imalembedwanso kwa yemwe nzeru zake zimakhala bwinobwino, amaphunzira sukulu n'kukula mpaka kukwatira. Zimenezi zimaoneka ndi nthawi, ndipo inu amene mumakhala naye ndinu mudzayambe kuziona, dokotala asanaone. Muzisunga mumtima mawu omwe akulankhula chaka chino kuti chaka chamawa mudzathe kunena ngati awonjezeka kapena achepa. Koma kumbukirani kuti makutu ake samva bwino; nthawi zina mwana amaoneka ngati wabwerera m'mbuyo pamene vuto ndi makutu chabe, ndipo limenelo lili ndi chithandizo.

Pamene nambalayi ingapulumutse moyo wake ndi pa opareshoni. Mchombo uja mwina adzafuna kuukonza. Ana a MPS ali ndi khosi lalifupi, lilime lalikulu ndi njira ya mpweya yopapatiza, motero kuwagonetsa ndi mankhwala n'koopsa kuposa ana ena. Wogonetsa akapanda kudziwa, akhoza kulephera kulowetsa chubu chopumira mwana atagona kale. Choncho kulikonse kumene mungapite naye, kaya ku Kabudula komweko, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, pepalalo lizikhala patsogolo, ndipo munene ndi pakamwa panu kuti mwanayu opareshoni yake, ngakhale yochotsa dzino, aziyamba afunsa ku Central. Musachite manyazi poti ndinu mayi wa kumudzi. Mtima wake uziyezedwanso pa makina nthawi ndi nthawi, chifukwa tizitseko ta mu mtima timakhuthala. Mafizo a manja ndi miyendo omwe adakuonetsani musaleke, chifuwa chikayamba musadikire kuti chikule, ndipo akamadandaula mutu n'kumasanza popanda malungo, thamangani naye.

Tsopano nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikuilemba ngati mwini mbumba. Mukukumbukira zomwe zidanenedwa pamudzi. Ena adati ndi tsempho, akuloza alamu chala kuti adayenda njira zina mwana ali wakhanda. Ena adati alamu adamukhwimira kuti fodya azigulidwa bwino, mpaka anthu adaleka kudzapala moto pakhomo panu. Pepalali lawayeretsa alamu. Koma ndikuopa kuti akuchimuna akamva bwino nkhaniyi, chala chija chidzatembenukira kwa inu, chifukwa matenda a Hunter amayenda kudzera mwa amayi. Malangizo opangira enzaimu ija amakhala pa kromozomu yotchedwa X. Mkazi ali ndi X awiri, wina akalakwika winayo amagwira ntchito, ndiye mayi sadwala. Mwamuna ali ndi X mmodzi yekha, wochokera kwa mayi ake. Mayi wonyamula X wolakwikayo, mwana wake wamwamuna aliyense akhoza kudwala kapena ayi, theka ndi theka. Wamkazi aliyense akhoza kunyamula kapena ayi, chimodzimodzi theka ndi theka. Nthawi zina kulakwikako kumayambira pa mwanayo, koma ife tisadzinamize. Amayi ankatiuza za mlongo wawo uja adamwalira ali mnyamata, wa mutu waukulu ndi mawu okhuthala, amene agogo adapita kumanda akukhulupirira kuti adalodzedwa ndi apongozi awo. Mabanja awiri adadana mpaka imfa pa nkhani imeneyo.

Inu simudalakwe kanthu. Simudasankhe X ameneyo, monganso amayi ndi agogo sadamusankhe. Ikadakhala E76.0 kapena E76.2, bwenzi matendawo atachokera kwa bambo ndi mayi onse awiri, mwana mmodzi pa anayi, ndipo bwenzi tikukamba za maukwati a pachisuweni omwe makolo athu ankawakonda. Banja lililonse lili ndi zake m'magazi. Zathu zangodziwika dzina. Ine poti ndine mwamuna ndipo sindidadwale, ndilibe, ndipo ana anga sangatengere kwa ine. Ndikunena izi kuti muone kuti sindikulankhula ngati wodziteteza. Nkhawa yanga ili pa mwana wanu wamkazi, ndi pa chitsiriza wathu amene chinkhoswe chake chili pafupi. Amayi akuti tikhale chete, mwamunayo angathawe. Ine ndikukana. Mtsikanayu adziwe iye mwini choyamba, apite akaonane ndi dokotala wa ana yemwe uja, afunse mafunso ake, kenako asankhe yekha nthawi ndi njira youzira bwenzi lake. Kumubisira n'kumusiya kuti adzaimbidwe mlandu wa ufiti patapita zaka zisanu, ali yekha ku chitengwa.

Ndibwera Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndi minibasi ya m'mawa. Muwauze alamu asapite kudimba tsiku limenelo, ndipo aitanitse ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuti nkhaniyi aimve kwa ine pamaso, isawafike ngati mphekesera za pachigayo. Pepala lija musalipinde m'kabuku momwe mumalowa thukuta ndi mvula; likulungeni mu jumbo. Tikapita nalo pa Nsaru kukachita fotokope zitatu, ina ya m'kabuku, ina ya alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ina ndidzasunge kuno. Pa chikuto cha kabukuko ndidzalembapo ndekha ndi zilembo zikuluzikulu kuti MPS II, E76.1, ndi chenjezo la opareshoni m'Chingerezi. Nsapato zomangira ndi zingwe zija zikumuvuta, ndamupezera zomata.

Moni kwa amayi, ndipo musawauze kaye zomwe ndaganiza za chitsiriza, ndidzayamba ndine.

Ndine mlongo wanu,
ku Lilongwe