Wailesi yanga ndi mwana wa eni

Wailesi yanga inasowa Loweruka lina masana, ine nditapita kumsika wa Mzuzu kukagula usipa. Sindinavutike kufufuza. Ku Masasa nyumba n'zothinana, chobisika palibe. Pofika madzulo n'kuti nditamugwira kale pamkono mnyamata wa zaka 13 wa nyumba yoyandikana ndi yanga, ulendo wa kupolisi.

Mwana ameneyu ndinamuona akukwawa. Bambo ake anapita ku Joni iye ali Sitandade 2. Chaka choyamba ankatumiza ndalama ndi mabulangete, kenaka kunangoti zii. Mayi ake anayamba kutcheza kachasu, ndipo ntchito ya mwana inali kutsuka mabotolo ndi kuperekera mowa mpaka pakati pa usiku. Chidakwa chikagona pakhonde, mnyamatayo ankachipisa m'thumba, mayi n'kuyang'ana kumbali. M'mawa mwake pamoto pankakhala ndiwo. Nanga akanadziwa bwanji kuti kumeneko n'kuba, pamene nyumba yonse inkadyera momwemo?

Ine zonsezi ndinkaziona. Ndinkangoti, "Za eni izi."

Kupolisi sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Asibweni, mukawauze amama kuti kamlongo kanga sikanadye." Mawu amenewo anandilasa. Amene ndinkamutcha mbava ndiye anali bambo wa nyumba ija.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mlandu waung'ono wa mwana uthe osafika kukhoti, mwanayo n'kubwezedwa kwa makolo. Zikakanika, angatumizidwe kukaphunzira khalidwe ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Konseko n'kummwera. Mayi wa ku Masasa ndalama ya basi yokaonera mwana wake angaitenge kuti?

Choncho mlandu ndinauthetsa. Wailesi inapezeka kwa bambo wina wa ndevu zake amene anaigula motchipa, osafunsa kuti mwana waitenga kuti. Iyeyo palibe anamugwira pamkono. Mnyamata uja anabwerera kwawo, kunyumba yomwe ija, kumabotolo omwe aja.

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Koma ife timakonda kukalipira mtengo wokhota, osafunsa za nthaka imene unamerapo. Bambo amene anathawa, mayi amene umphawi unamutseka pakamwa, wogula zakuba, ndi ine mnansi wongoonerera, tonsefe tinamuphunzitsa mwanayu, aliyense phunziro lake.

Masiku ano amabwera kwanga madzulo. Amalemba za kusukulu patebulo langa, ndipo kukakhala mpira timamvera limodzi pa wailesi yomwe ija. Kamlongo kake kamabwera nako, timagawana nsima.

Sindikunena kuti wasintha ayi. Sabata yatha K2,000 inasowa m'thumba la jekete langa. Sindinamufunsebe, ndipo mtima ukundiwawa. Koma mawa akagogoda ndimutsekulira, tikhale pansi tikambirane. Kupolisi ndinapita kale, njira yake ndikuidziwa kumene imathera.