Ndinkati ndi zinyalala

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga,

Lero ndikufuna ndipepese. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulemba pa bolodi kuti DNA imapanga RNA, ndipo RNA imapanga puloteni. RNA ndinkaitcha mthenga basi. Mwana akafunsa za DNA yotsalayo, poti gawo lopanga mapuloteni silikwana n'komwe 2 peresenti, ndinkangoyankha kuti, "Zimenezo ndi zinyalala." Mawuwo sindinapeke ndine, anawatchukitsa ndi Susumu Ohno mu 1972. Koma ine ndinkangowabwereza osafufuza.

Mwezi watha kunabwera mtsikana amene ndinamuphunzitsa Fomu 4, pano akuphunzira za udokotala. Tili pakhonde anati, "Aphunzitsi, mukukumbukira zinyalala zija? Zina mwa izo ndi zomwe tikulembera mayeso." Anandifotokozera mwaulemu, ine n'kumamvetsera ngati mwana wa Fomu 1. Atapita ndinakhala pa intaneti mpaka usiku.

Nkhani yake ndi iyi. Pali ma RNA ataliatali, opitirira ma nucleotide 200, amene sapanga puloteni ayi. Amawatcha lncRNA. Imodzi mwa iwo ndi HOTAIR, imene John Rinn ndi Howard Chang analengeza mu 2007. Anapeza kuti imagwirana ndi gulu la mapuloteni lotchedwa PRC2. M'gululi muli enzyme yotchedwa EZH2, imene ntchito yake ndi kumata kachizindikiro ka methyl pa mapuloteni ena. Methyl ndi kanthu kakang'ono zedi, carbon imodzi ndi ma hydrogen atatu. Koma akamata pa histone, puloteni imene DNA imakulungidwapo ngati ulusi pa kamtengo, majini a pamalopo amatsekedwa. Ndiye kuti RNA ija ili ngati namulondola, EZH2 ndiye wonyamula loko.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti nkhaniyi imafika mpaka ku maonekedwe a selo. Paja timajambula selo ngati thumba la madzi. Zoona zake n'zakuti m'kati mwake muli timitanda ta mapuloteni, monga actin, timene timaigwira ngati nsichi ndi phaso la nyumba. Dzina lake ndi cytoskeleton. Kusiyana kwake n'kwakuti nyumba iyi imaphwasulidwa ndi kumangidwanso nthawi zonse, ndipo umu ndi mmene selo imasinthira maonekedwe n'kuyenda. Mu 2005 akatswiri anaona kuti EZH2 imapezekanso kunja kwa nucleus, kumene imathandiza kulumikiza actin. Mu 2015 anapezanso kuti imamata methyl pa talin, puloteni imene imamangirira actin pamalo pamene selo yagwira zinthu zoizungulira.

Mwina mukufunsa kuti zikutikhudza bwanji. Khansa imaopsa kwambiri pamene maselo ake asiya malo awo n'kuyamba kuyenda m'thupi. Mu 2010 gulu la Chang linaonetsa kuti zotupa za khansa ya m'mawere zokhala ndi HOTAIR yambiri zimafalikira kawirikawiri. Ambiri a ife tinaikapo mayi, mlongo kapena mnzathu chifukwa cha matenda amenewa. Zimene ndinkazitcha zinyalala zili m'kati mwa nkhani ya maliro amenewo.

Sindikunena kuti tisinthe silabasi mawa, kapena kuti mu DNA mulibe mbali zopanda ntchito. Ana alembebe zimene mayeso akufuna. Koma mawu aja sadzatulukanso pakamwa panga. Mwana akafunsa funso lopitirira buku, ndidzamuuza kuti tikafufuze limodzi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu munakhala aphunzitsi, ndipo mwina mukugwiritsabe ntchito manotsi anga. Chonde pezani tsamba limenelo mufufutepo mzere uja.