MBALE YAING'ONO YA ACHIMWENE ATHU



Kwathu kuno ku Namitambo, monganso kwanu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, chikondi timachiyeza ndi mitanda ya nsima. Mlendo akasiya chakudya m'mbale timadandaula kuti sitinaphike bwino, ndipo munthu akachokera ku Joni ali wonenepa timati zinthu zikumuyendera. Tikulemba nkhani ino chifukwa muyeso umenewu unatsala pang'ono kuvulaza munthu wa m'banja mwathu, ndipo ena mwa olakwawo tinali ife tomwe.

Achimwene athu aakulu anakhala zaka 14 ku Johannesburg akuyendetsa galimoto ya kampani. Ntchito yongokhala pampando, buledi ndi zokazinga za m'njira zinawanenepetsa mpaka kufika makilogalamu 138. Ife kuno tikaona zithunzi zawo tinkasangalala, osadziwa kuti thupilo linabwera ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuphwanya kwa maondo, kotero kuti ankaswali atakhala pampando. Mankhwala ndi kuchepetsa zakudya zitalephera, mu Okutobala 2023 madotolo a kumeneko anawachita opaleshoni yochepetsa chifu. Pa opaleshoni imeneyi amachotsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a chifu, n'kutsala kathumba kakang'ono kooneka ngati nthochi. Munthu amakhuta ndi chakudya chochepa kwambiri, ndipo thupi limayamba kutsika.

Koma asanawachite opaleshoniyo, madotolo anawalowetsa kachipangizo koonera m'mimba kudzera pakamwa, nawayezanso magazi, ndipo anapeza vuto lachiwiri limene achimwene anakhala nalo osalidziwa. Awa ndi matenda otchedwa coeliac. Mu tirigu, barele ndi mbewu ina yotchedwa rye muli chinthu chotchedwa guluteni, chimene chimachititsa kuti ufa wa mandasi uzinanda ndi kutamuka poukanda. Kwa anthu ambiri guluteni alibe vuto lililonse. Koma kwa munthu wa matendawa, chitetezo cha m'thupi mwake chimamuona ngati mdani, ndipo polimbana naye chimawononga khungu la m'kati mwa matumbo aang'ono, momwe chakudya chimalowera m'magazi. N'chifukwa chake achimwene, ngakhale anali wonenepa, magazi awo ankapezeka ochepa nthawi ndi nthawi. Akatswiri amati padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 ali ndi matendawa. Amene anatsimikiza kuti wolakwa ndi tirigu anali dotolo wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Iye anaona kuti pa njala ya 1944 mpaka 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, koma buledi atabweranso anadwalanso. Mpaka lero palibe piritsi lochiza matendawa. Mankhwala ake ndi kuleka tirigu moyo wonse.

Achimwene anafika kumudzi mu Disembala chaka chomwecho. Amayi athu anazinga nkhuku ziwiri, naphika mpunga, chapati ndi mandasi odzaza beseni, monga mayi aliyense angachitire mwana wake woyamba. Achimwene anatenga kachidutswa ka nkhuku, nakatafuna kwa nthawi yaitali, nadya masupuni atatu a mpunga, kenaka n'kusamba m'manja. Chapati ndi mandasi sanazikhudze n'komwe.

"Mwana wanga, ndakulakwira chiyani?" anafunsa amayi. "Kapena zakudya za kuno zayamba kukunyansa?"

"Iyayi amayi, ndakhuta ndithu. Chifu changa anachichepetsa, ndiponso fulawa anandiletsa."

"Munthu wamkulu ngati iwe kukhuta ndi masupuni atatu? Anakuchita chiyani anthu a ku Joniwo?"

Usiku umenewo amayi analira. M'masabata otsatira thupi la achimwene linapitirira kutsika, malaya n'kumawakhuthukira, ndipo pamjigo anthu anayamba kunong'onezana za matenda ena amene tonse tikuwadziwa. Amayi atamva zimenezo anaonjezera mitanda m'mbale, poganiza kuti mwana wawo akanenepanso anthu atseka pakamwa. Achimwene, poopa kuwakhumudwitsa, tsiku lina anadzikakamiza kumaliza mtanda wathunthu, ndipo anasanza mpaka kufooka.

Ife tinkadziona ngati ozindikira, poti tinapita kukoleji ndipo timaphunzitsa ana ku madrasa. Tsiku lina pochoka kophunzitsa tinadzera pamsika n'kuwagulira zitumbuwa, tikudziuza kuti zitumbuwa ndi nthochi ndi ufa wa chimanga basi. Sitinafunse. Achimwene anadya chimodzi chokha, koma anagona masiku atatu akutsekula m'mimba, mimba itatupa. Titabwerera kukafunsa, mayi wogulitsayo anatiuza mosabisa kuti amathirako fulawa pang'ono kuti zifufume, ndiponso amazikazingira m'mafuta omwe akazingira mandasi. Mayiyo sanalakwe kanthu, olakwa tinali ife amene tinkaganiza kuti tikudziwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuyambira pamenepo tinakhala pansi ndi alamu athu, titatenga mapepala amene achimwene anapatsidwa kuchipatala, n'kuwawerengera amayi m'Chiyao mzere ndi mzere. Malamulo a chifu chaching'ono anali otere: kudya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, kutafuna mpaka chakudya chisalale, kusamwa madzi pakudya koma kudikira mphindi 30, ndi kumapsontha madzi tsiku lonse m'malo mogugudiza kapu yonse nthawi imodzi. Zakumwa za m'mabotolo zokhala ndi mpweya, tiyi wa shuga wambiri ndi thobwa lotsekemera kwambiri anaziletsa, chifukwa zimatha kubweretsa chizungulire, thukuta ndi kupweteka m'mimba. Lamulo limene linawavuta amayi kuposa onse linali la zakudya zomanga thupi. Munthu wotereyu amafunika magalamu 60 kapena kuposerapo a mapuloteni patsiku, ndipo poti malo m'mimba ndi ochepa, ayenera kuyamba kudya nsomba, dzira kapena nyemba, nsima n'kubwera pomaliza ngati malo atsala. Kwathu kuno ndiwo zimaperekeza nsima, koma kwa achimwene nsima ndiyo imaperekeza ndiwo.

Titafika pa mndandanda wa zakudya zopanda guluteni, zinthu zinatembenuka. Tinawerenga chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nthochi, mtedza, nyemba, nsomba ndi mazira. Amayi anatidula mawu. "Basi zimenezo? Nanga si zimene anatilera nazo amayi anga? Buledi ife tinkamuona pa Idi pokha." Zoonadi, tirigu ndi mlendo m'miphika yathu, ndipo wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja. Achimwene akuti m'masitolo a ku Johannesburg buledi wopanda guluteni ankamugula pamtengo woposa kawiri wa buledi wamba, pamene kuno zakudya zoyenera matenda awo zili m'nkhokwe ndi m'munda wa kuseri kwa nyumba.

Tsiku limenelo amayi analeka kulira, nayamba kutiphunzitsa ife. Nandolo, amene ali mbewu yathu kuno ku Chiradzulu, anampera pamphero, n'kupeta makoko, n'kuphika chipere chosalala chimene chifu chaching'ono chimalandira mosavuta. M'mawa amaphika phala la mawere lothira nsinjiro pang'ono. Matemba a ku Chilwa ndi usipa wouma amazisinja mu mtondo mpaka kukhala ufa, n'kumathira m'ndiwo za nkhwani kuti supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu. Inu a kunyanja muli ndi mwayi woposa wathu, chifukwa chambo, utaka ndi usipa wauwisi zowiritsa bwino ndi zofewa, ndipo kondowole wa ku Nkhotakota alibe guluteni ngakhale ali wolemera m'mimba, kotero afunika pang'ono chabe.

Tinaphunziranso kuti guluteni amabisala. Alamu athu anapatula sefa, chipande ndi poto wokazingira za achimwene okha. Mafuta amene alowamo mandasi kapena samusa sagwiranso ntchito pa chakudya chawo. Tizokometsera ta m'mapaketi, soseji ndi nyama ya soya timayamba tawerenga zolembedwa pa pepala lake, pakuti zina amasakaniza ndi tirigu. Mavitamini amene achimwene ayenera kumwa moyo wawo wonse, monga B12, ayironi ndi kashiamu, timafunsa kwa wogulitsa mankhwala mafunso awiri: ngati mulibe tirigu, ndiponso ngati chikutiro cha kapisozi sichinapangidwe ndi jelatini wa nkhumba.

Ramadhani ya 2024 inafika patangotha miyezi isanu chichitikire opaleshoni. Dotolo wawo anawaletsa kumanga chaka chimenecho, chifukwa munthu wa chifu chotere sangamwe madzi okwanira tsiku lonse pa nthawi yochepa ya usiku. Achimwene zinawawawa kwambiri, ndipo ankabisala m'chipinda pomwa madzi ngati akuba. Apa pokha ndi pamene maphunziro athu anathandiza, pakuti tinawakumbutsa kuti wodwala analoledwa kusamanga n'kudzabweza masikuwo akachira, ndipo kulandira chilolezo chimenecho si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mu 2025, dotolo atavomera, anamanga mwezi wonse. Pomasula ankayamba ndi madzi pang'ono ndi tende imodzi, n'kupita kukaswali, kenaka n'kudya nsomba kapena dzira ndi masupuni ochepa a futali ya mbatata. Futali imene tonse timaikonda ilibe guluteni ngakhale pang'ono. Chaka chimenecho anaswali Taraweh ataimirira, akugwetsa chipumi pansi popanda mpando.

Tisamveke ngati tikuletsa anthu mandasi. Tirigu ndi chakudya chabwino kwa amene thupi lawo limamulandira, ndipo amene akudzikayikira asamusiye yekha asanayezedwe, chifukwa kuyeza kumaonetsa bwino matendawa munthu akadali kudya tirigu. Pempho lathu ndi lakuti mukaona m'bale wachepa thupi, musathamangire kumuweruza. Mlendo akakana chapati pa sadaka kapena pa ukwati, musamukakamize ndi mawu akuti "kamodzi kokha sikapha". Mufunseni chimene amadya, ndipo mukathira fulawa m'chakudya muuzeni zoona.

Masiku ano amayi ali ndi kasosala ka maluwa kamene anagula okha ku Limbe. Amaikapo chipere, kachidutswa ka nsomba ndi kamtanda ka nsima kochepa ngati dzira, n'kukhala pambali pa mwana wawo mpaka amalize. Mdzukulu wina akaseka kuti agogo akumana amalume chakudya, amayi amamuyankha kuti, "Iwe khala chete, mbale imeneyi ndiyo yandibwezera mwana wanga."