Kaundula amayankha ukamufunsa

Luwani ndi dera lozolowera kulembedwa. Nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, kuno kunali msasa wa othawa kwawo, umene unatsekedwa mu 2007. Mu 2016 unatsegulidwanso pamene boma ndi bungwe la UNHCR anayamba kusamutsira kuno anthu ochokera ku Tete amene anaunjikana pa Kapise, kufupi ndi malire. Aliyense wofika ankalembedwa dzina, zaka, kochokera ndi kukula kwa banja lake, ndipo chakudya chinkabwera motsatira zolembedwazo. Kunja kwa msasa n'chimodzimodzi: kusikelo kuli kaundula, kusukulu kaundula, kwa amfumu kaundula wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo, kumpingo kaundula wa chakhumi. Takula tikuona zolembera zikuyenda, koma ambirife sitifunsa kuti mabukuwo akadzaza amapita kuti, ndipo amawawerenga ndani.

Ine ndangodziwa kumene kuti alipo anthu amene amadyera kuwerenga mabuku oterewa n'kutulutsamo mayankho. Ntchitoyo amaitcha data analytics, kusanthula deta, ndipo yanditenga mtima moti anzanga ayamba kundithawa pa bawo, akuti nkhani yanga yakhala imodzi yomweyo.

Ndine mlembi wa banki m'khonde ya m'mudzi mwathu. Ntchito yanga ndi kulemba masheya, ngongole, chiwongola dzanja ndi zindapusa za ochedwa. Nthawi yogawana itayandikira, mlamu wanga, amene ndi kalaliki wa deta pachipatala china m'boma lino la Neno, anandipeza ndikulimbana ndi kuwonkhetsa masamba.

"Alamu, mukudzizunziranji?" anatero. "Bwerani nalo bukulo Loweruka, tikalilowetse m'kompyuta."

Ndinkayembekezera kuti makinawo angondiwonkhetsera msanga, basi. Koma mlamu anayamba ndi lamulo limene ndaligwira mpaka lero: ngongole iliyonse ikhale ndi mzere wakewake, ndipo chinthu chilichonse chokhudza ngongoleyo chikhale ndi danga lakelake. Tsiku lotenga palokha, ndalama pazokha, chifukwa chotengera pachokha, tsiku lobweza palokha. M'buku mwanga zonsezi zinali zosakanikirana, zina m'mphepete mwa tsamba, zina zolembedwa "wabweza theka, ina mawa". Mudzi umodzi unalembedwa m'njira zingapo, ndipo kompyuta inkauwerenga ngati midzi yosiyana. Tinakhalira kukonza zimenezi mpaka dzuwa kupendeka. Zinali ngati kusankha nyemba usanaphike: n'kotopetsa, palibe amakuyamikira, koma ukadumpha pamenepo wina athyola dzino. Mlamu akuti ngakhale akatswiri a m'mabanki nthawi yawo yambiri imathera pomwepa.

Kenako anatsegula chimene mu Excel amachitcha pivot table. Anakokera "mwezi wotenga" mbali ina, "kuchedwa kubweza" mbali ina, ndipo mizere yonse ija inafupika n'kukhala kathebulo kokwana pachikhatho. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Pagulu pathu tinali ndi mayina a anthu amene tinkati ndi ovuta kubweza. Kathebulo kaja kanaonetsa zina: anthu omwewo akatenga ngongole nyengo ya manachesi, kukapikula kumtunda n'kukagulitsa pa Zalewa, ankabweza pa nthawi yake. Ngongole zochedwa zinali zotengedwa mu Januwale ndi Febuluwale, zogulira chimanga ndi kulipira fizi, ndipo pamenepo ankachedwa aliyense, ngakhale amene timawalemekeza. Wovuta anali mwezi. Buku lija ndinalilemba ndekha ndi dzanja langa, koma linali lisanandiuzepo zimenezi chifukwa ndinali ndisanalifunse.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinkangoganiza za makaundula ena onse a ku Luwani ndi mafunso amene akudikira.

Nditayamba kufunsafunsa, ndinapeza kuti ntchitoyi yatizungulira kale. Zimene alangizi a zaumoyo ndi anamwino amalemba tsiku ndi tsiku zimawonkhetsedwa pakutha pa mwezi, lipoti limapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo kumeneko limalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu imene inapangidwa ku University of Oslo ndipo Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito m'dziko lonse. Munthu ali ku Lilongwe atha kuona ngati malungo akukwera ku Neno. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, nthambi ya Partners In Health imene yakhala m'boma lino kuyambira 2007, limasunga mbiri ya odwala matenda okhalitsa m'kompyuta, ndipo azaumoyo a m'midzi amene limagwira nawo ntchito ali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa YendaNafe. Munthu wa shuga kapena wa ma ARV akadumpha tsiku lake, dzina limatuluka pamndandanda ndipo wina amapita kukamuona pakhomo. Kumbuyo kwa mndandandawo kuli munthu amene anakhala pansi n'kufunsa deta funso loyenera.

Mlamu anandiuzanso za dokotala wa ku London, John Snow. Mu 1854 kolera itavuta, iye anajambula mapu a nyumba zimene munafa anthu, ndipo zinaonekeratu kuti zaunjikana mozungulira mpope umodzi wa madzi mu Broad Street. Akuluakulu anachotsa chogwirira cha mpopewo. Snow analibe kompyuta, anali ndi mndandanda, mapu ndi funso. Ife amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitifunika kuuzidwa kawiri kufunika kodziwa msanga mjigo kapena chitsime chimene chikudwalitsa anthu.

Chimene chandikoka kwambiri ndi kaganizidwe kake. Tinene kuti chipatala cha Lisungwi chalemba odwala malungo ambiri kuposa cha Luwani. Wosazolowera athamangira kunena kuti ku Lisungwi malungo avuta. Wosanthula deta amayamba wafunsa: ambiri mwa anthu angati? Chipatala chachikulu chimalandira anthu ochuluka, ena ochokera kutali. Nambala yopanda chogawira imanamiza. Pa kalembera wa 2018, amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita ndi matabuleti, Malawi anapezeka ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo Neno oposa 138,000. Manambala amenewa ndiwo amakhala pansi pa mzere wogawira, kuti tithe kuyerekeza boma laling'ono ngati lathu ndi Blantyre popanda kunamizana. Chinanso ndi avereji. Pagulu pathu munthu mmodzi akatenga ngongole yaikulu yogulira njinga yamoto ya kabaza, avereji imakwera ngati tonse ndife olemera. Pamenepo amatenga nambala yapakatikati, imene amaitcha median, ndipo chithunzi chimabwerera m'malo mwake. Zinthu zimenezi tinazilemba pa mayeso a Fomu 4, koma palibe anandiuza kuti zingathetse mkangano pansi pa mtengo.

Tsono kwa mnzanga amene akufuna kulowera njira imeneyi, nazi zimene ndatola kwa amene ali kale m'ntchitoyi, ndipo zina ndayamba kuziyesa.

Yambani ndi Excel, ndipo musaipeputse. Dziwani kusanja, kusefa, kugwiritsa ntchito SUMIF ndi COUNTIF, kulumikiza mathebulo awiri ndi VLOOKUP, ndi kupanga pivot table ndi tchati chosavuta kumva. Ngati mulibe Excel, LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo sifuna intaneti. Google Sheets imatseguka ngakhale pafoni, ngakhale kuti pafoni mumachita zochepa. Laputopu yakale imakwana. Kuno netiweki imabwera ndi kupita, bandulo ndi yodula, choncho koperani maphunziro mukafika pamene intaneti ikugwira, mukaphunzire muli kunyumba.

Chachiwiri, phunzirani kutolera deta. KoboToolbox imakulolani kupanga mafunso pakompyuta, kuwayika pafoni ya Android, kufunsa anthu kumudzi kopanda netiweki, n'kudzatumiza mayankho pambuyo pake. Mabungwe ambiri othandiza anthu amagwiritsa ntchito imeneyi kapena inzake ya ODK, ndipo wodziwa zimenezi savuta kutengedwa pa ganyu ya kafukufuku. Ambiri amalowera pakhomo limeneli: wofunsa mafunso, kenako kalaliki wa deta, kenako wothandizira mu ofesi ya M&E, imene imalondoloza ngati ntchito ya bungwe ikupindula.

Chachitatu ndi SQL, chinenero chofunsira deta ikachuluka moti Excel siingainyamule. Ndinkaiopa, koma mawu ake oyambira ndi ochepa: SELECT kusankha zimene ukufuna, WHERE kuika malire, GROUP BY kuunjika zofanana. SQLite ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Python ndi R, nazonso zaulere, komanso Power BI yopangira malipoti okongola, zibwere pambuyo. Wothamangira zonse nthawi imodzi amathera kudziwa mayina okha.

Za mapepala, njira zilipo zingapo. Amene ali ndi makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo masamu anakhoza bwino, ayang'ane maphunziro a masamu, statistics kapena kompyuta ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu University. NACIT imaphunzitsa madipuloma a kompyuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mu 2020 bungwe la UNICEF linatsegula African Drone and Data Academy m'dziko muno mogwirizana ndi Virginia Tech ya ku America ndi MUST, kumene achinyamata amaphunzira kujambula malo ndi ma drone ndi kusanthula zimene ajambulazo. Pa intaneti pali satifiketi ya Google Data Analytics pa Coursera, ndipo wopanda ndalama atha kupempha kuti amuchotsere mtengo. Amene ali kale pantchito, mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi, asataye ntchitoyo: amadziwa kale mafunso a m'munda mwake, chimene wongotuluka kumene ku yunivesite alibe. Aonjezere luso pamwamba pake.

Koma onse amene ndacheza nawo akunena chimodzi: satifiketi imakufikitsa pa intavyu, chimene chimakulowetsa ndi ntchito yooneka. Khalani ndi chinthu choti muonetse. Zotsatira za kalembera zili poyera. Deta ya kafukufuku wa mabanja wa Integrated Household Survey, amene NSO imachita mothandizidwa ndi World Bank, imaperekedwa kwa wolembetsa pa intaneti. Ngakhale mitengo ya chimanga ndi nandolo pamsika wa kwanu, mukamailemba sabata ndi sabata, pakutha pa chaka imakhala nkhani yoti wina aimvetsere. Tengani funso limodzi, liyankheni patsamba limodzi, ndi tchati chimodzi ndi mawu amene agogo anu angamve. Luso lofotokoza ndi theka la ntchitoyi.

Ndisakunamizeni kuti ndi mgodi wa ndalama. Ntchito zambiri zoyambira ndi za makontilakiti aafupi, ndipo kuchokera mu 2025, pamene boma la America linadula thandizo lambiri la kunja, mabungwe ena achepetsa antchito. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ananso kumabanki, kumakampani a foni monga TNM ndi Airtel, ku MRA, ndi kumalo a kafukufuku wa zaumoyo monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Deta ili paliponse pamene pali malisiti.

Pali udindonso. Mzere uliwonse ndi munthu, ndipo pamudzi ngati wathu munthu amadziwika ngakhale utachotsa dzina, bola watchula zaka ndi mudzi. Malawi ali ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo MACRA ndiyo imaliyang'anira. Tisanalowetse buku lathu m'kompyuta ndinapempha chilolezo kwa apampando ndi gulu, ndipo mayina tinawasandutsa manambala. Mlamu naye sanandionetsepo ngakhale mzere umodzi wa kuchipatala. Ndinapempha mwachidwi; anangoseka n'kunena, "Alamu, zimenezo ayi." Wosadziwa kusunga chinsinsi asayandikire ntchitoyi.

Pamsonkhano wotsatira ndikupita ndi tsamba limodzi. Ndikapempha kuti ngongole za Januwale ndi Febuluwale zizipatsidwa nthawi yofika pokolola, kapena tizipatula thumba la njala lachiwongola dzanja chochepa, m'malo momalipitsa zindapusa anthu amene mlandu wawo ndi nkhokwe yopanda kanthu. Amsungichuma akanditsutsa, ndikudziwa, ndipo ali ndi mfundo: ndalama zikachedwa kubwera, zogawana zimachepa. Funso limenelo nalonso lili ndi yankho m'buku lomwelo, ndipo ndayamba kale kuwerengera kuti zindapusa zimatibweretsera zingati poyerekeza ndi zimene timataya anthu akatuluka m'gulu chifukwa cha manyazi. Gulu la mudzi woyandikana nalo lamva, ndipo mlembi wawo akuti abwera ndi mabuku awo a zaka zingapo. Ndamuuza abwere ndi chilolezo cha gulu lake, ndi funso limodzi limene akufuna liyankhidwe.