Ine Ndimasema Nsomba

Mwera ukawomba usiku wonse, kukacha gombe la Nkhotakota limakhala ndi zonse zomwe nyanja yakana kusunga: mabango, zidutswa za ukonde, mabotolo, ndi patapata. Patapata yake imakhala ya phazi limodzi nthawi zonse, inzake kaya inakocheza ku Likoma kaya kutsidya ku Mozambique. Zimenezo ndi zomwe ndimatola. Asodzi nawonso amazifuna, amazidula n'kumangirira ku ukonde kuti uziyandama, choncho ndimalawirira. Ntchito yanga ndi yosema zidindo, ndipo ndi zidindozo ndimadinda makhadi, maenivelopu ndi zikuto za timabuku tolembamo.

Munthu akamva za chidindo, maganizo ake amathamangira ku ofesi: cha amfumu pa kalata ya malo, cha ahedi pa lipoti la mwana, cha kuchipatala. Amisiri osema zidindo zotere alipo m'matauni, amakhala pakhonde la sitolo ndi katebulo ndi lezala, ndipo ine ndinaphunzira kagwiridwe ka lezala pongoimirira pambali pa mmodzi wa iwo ku Lilongwe. Koma za maofesi sindisema. Amabwera ndithu anthu chakumadzulo, mawu ali pansipansi, atapinda kapepala kodindidwa kale. "Achimwene, tangotipangirani chonga ichi, tikuonani bwino." Yankho langa silisintha: "Pepani bwana, ine ndimasema nsomba."

Mphira zomwe ndimagwiritsa ntchito zilipo zitatu, iliyonse ndi khalidwe lake. Labala woyera wa ana asukulu ndi wofewa, amalola timizere tating'onoting'ono, koma ndi wamng'ono, amangokwana diso la nsomba, nyenyezi kapena chilembo chimodzi. Chubu ya galimoto siisemedwa ayi, imadulidwa ndi sizasi n'kumatidwa pathabwa ndi guluu wa nsapato. Imeneyi ndi ya zithunzi zakuda bii zopanda zam'kati, monga bwato ndi munthu wopalasa dzuwa likutuluka. Patapata ndiye mtima wa ntchito yanga. Ndi yokhuthala, ndi yotambalala, ndipo ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tomwe timasiya timadontho toyera m'kati mwa inki, kotero kuti nsomba imatuluka papepala ikunyezimira, nyanja imatuluka ili ndi thovu lake. Si patapata iliyonse yomwe ndimatenga. Ndimaitsina ndi chikhadabo: ikabwerera m'malo ndi yamoyo, ikanyenyeka ndiye kuti dzuwa linaipha kale. Yabwinoyo ndimaitsuka ndi sopo, kenako n'kuikhula pa sandipepala womata pathabwa losalala mpaka chizindikiro cha chidendene cha mwini wake chitatha.

Ilipo mphira yopangidwira ntchito imeneyi, koma imachokera kunja. N'zoseketsa, pakuti mitengo ya mphira tili nayo ku Vizara, ku Nkhata Bay, komwe anyamata amagulitsa mipira m'mbali mwa msewu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphira yakunjayo ndinasiya n'kuifunsa mtengo komwe.

Zida zake n'zosaopsa. Lezala ndimamuthyola mopendekera kuti akhale ndi nsonga, n'kumumangirira ku kamtengo ndi ulusi. China ndi ambulera yakutha. Mukayang'ana bwino tizitsulo totambasula nsalu yake, muona kuti tili ndi kangalande m'kati. Ndimadula kamodzi, n'kukanola kumapeto pamwala, ndipo kamakumba mphira mzere woyera bwino. Chithunzi ndimajambula papepala ndi pensulo yofewa, kenako ndimavundikira pepalalo pamphira n'kulitikita kumsana ndi chikhadabo. Pensulo imatsalira pamphira itatembenuka kale, zakumanja zapita kumanzere, ndipo ndi mmene chidindo chiyenera kukhalira kuti papepala chidzatuluke cholunjika. Pa nsomba zilibe kanthu, chambo choyang'ana ku Salima kapena ku Dwangwa ndi chambo basi. Pa zilembo ndiye palibe kukambirana.

Podula, mzere uliwonse womwe ukufuna udzaoneke uyenera kutsala ngati mzere wa chinangwa m'munda, wotambalala pansi, wowonda pamwamba. Lezala azipendekera kunja kwa mzerewo. Ukadula choimirira, kapena ukalowa kunsi kwake, mzere umapindika pokanikiza, ndipo sipatenga nthawi umathothoka. Dzanja logwira lezala limakhala phee, lomwe limayenda ndi linalo, lozunguza mphira. Ana omwe amabwera kudzaonerera amafuna kuchita mosemphana, lezala kuthamanga mphira ili chikhalire, n'chifukwa chake ndimayamba ndawapatsa mbatata ndi supuni.

Ondiweruza anga si alendo ogula. Mlendo ukamupatsa chilichonse chokhala ndi diso ndi mchira amati nsomba, amalipira, amapita. Ondiweruza ndi asodzi omwe amadutsa pakhonde panga m'mawa pochokera kunyanja, tulo tili m'maso. Wina amanyamula khadi, kuliyang'ana, n'kufunsa: "Nanga iyi ndi nsomba yanji, amwene?" Funso limenelo likabwera, ndiye kuti chidindo chalephera, ngakhale chikongole bwanji. Chambo chiyenera kukhala ndi thupi lotambalala, ndi chipsepse chapamsana chachitali choyambira kuseri kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira, cha minga kutsogolo, chofewa kumbuyo. Kampango alibe mamba, mutu wake ndi wophwatalala, ali ndi ndevu, mchira wa mphanda, ndi kachipsepse kamafuta kumsana komwe ojambula ambiri amaiwala. Nsomba ya mpasa, ija imakwera mtsinje wa Bua nthawi ya mvula kukaswana, ndi yaitali, yowongoka, ndipo ukaifupikitsa pang'ono chabe kuti ikwane pa patapata yasanduka chinthu china. Usipa suvuta, koma usipa umodzi si usipa, uyenera kudindidwa wambiri, wina pamwamba pa unzake.

Chovuta kwambiri ndi kudziletsa. Dzanja limafuna kusema mamba onse, koma pa khadi lalikulu ngati chikhatho, mamba onsewo amangodzaza inki n'kusanduka matope. Mamba asanu kapena asanu ndi limodzi pafupi ndi mutu amakwana, otsalawo diso la woonerera limawonjezera lokha. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi zidindo zopangidwa ndi makina kuchokera pa chithunzi cha pa kompyuta. Zimenezo zimalemba chilichonse chomwe chilipo, sizidziwa chotaya.

Pepala ndimapanga ndekha. Luso limeneli si lachilendo m'Malawi muno, bungwe la PAMET ku Blantyre linatchuka nalo kalekale, mpaka kupanga mapepala ndi ndowe za njovu. Kuno njovu zili pafupi, m'nkhalango yathu ya Nkhotakota, koma kukatola ndowe zake kumafuna chilolezo ndi miyendo yodziwa liwiro, choncho ine ndimakhutira ndi nthochi. Thunthu lomwe mkoko wake wadulidwa kale ndimaliduladula n'kuliwiritsa m'chidulo, chomwechi cha phulusa chomwe amayi amaphikira therere, mpaka ulusi wake utafewa. Ndimautsuka, kuusinja mumtondo, n'kuusakaniza ndi mapepala akale a kusukulu omwe agona m'madzi n'kusinjidwanso. Mtondo wake ndi wapadera, nkhani imeneyo tinaimaliza kale ndi mayi a kunyumba. Phala limeneli ndimalisungunula m'bafa lodzaza madzi, n'kumizamo sefa ya waya wa pawindo wokhomera pa matabwa anayi. Potulutsa sefa iyenera kukhala yoyalana, n'kuigwedeza pang'ono uku ndi uku kuti ulusi ulukane. Ndikaigadabuzira pansalu, pepala latsala pamenepo. Ndimasanjikiza nsalu ndi pepala, nsalu ndi pepala, thabwa pamwamba, miyala pamwamba pa thabwa. Kuyanika ndi pamthunzi, pakuti dzuwa limakwinya pepala.

Pepala lotere limamwa inki ndi ludzu, ndipo ukadinda momwemo minga ya chambo imalumikizana yonse. Mankhwala ake ndi ufa wa chinangwa, ndipo kuno kwa kondowole ufa umenewo susowa. Ndimaphika kaphala kamadzimadzi, n'kupaka pepala lililonse mbali zonse ziwiri, likaumanso n'kulitikita ndi botolo mpaka lisalale. Tsopano inki imakhala pamwamba pomwe waiika.

Inki ya pepo ya m'maofesi ndi yotchipa koma ndi yabodza: khadi likakhala pawindo miyezi ingapo, nsomba yathawa. Ine ndimapaka penti wa m'timabotolo pa siponji. Wakuda ndimapanganso ndekha ndi mwaye wa koloboyi wosakaniza ndi guluu wa matabwa wosungunula. Wofiira amachokera ku katondo wosefa pansalu. Mtundu wake palibe sitolo yomwe ingaugulitse, kungoti mchenga wotsaliramo umadya chidindo msanga. Potsuka ndi sopo ndi madzi basi. Parafini amatupitsa mphira, ndipo chidindo chotupa chatha ntchito.

Koma bwana weniweni wa ntchito imeneyi ndi nyengo ya kunyanja. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mpweya ndi wouma, makhadi amauma msanga, ndipo ndi pomwe ndimadinda ambiri, ngakhale mwera umaulutsa mapepala n'kumwaza mchenga pa penti wamuwisi. Mu Okutobala penti amaumira pa chidindo chisanafike papepala, ndiye ndimagwira m'bandakucha, dzuwa likakwera ndaweruka. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi yowawa. Pepala limakoka chinyontho, limapindika, ndipo paja lili ndi chinangwa, likaiwalika m'katoni limachita chuku. Ndiye pali nkhungu. Ukaona mtambo wake wayimirira pakati pa nyanja ndipo mphepo ikuchokera komweko, nyamula zonse ulowe m'nyumba, utseke. Ukachedwa, khadi lililonse limadzuka lili ndi tizilombo tomatirira, ndipo palibe wogula amene angavomere kuti ndi zokongoletsa.

Kudinda kwenikweniko ndi kwa kamphindi, koma ndi pomwe khadi limapulumuka kapena kufa. Chidindo sindichimiza mu siponji. Ndimachigoneka chagada, n'kumachigunda pang'onopang'ono ndi siponjiyo mpaka penti atafika ponse popanda kudzaza m'ngalande. Pansi pa pepala ndimayala manyuzipepala akale ndi chitenje chopinda, chifukwa patebulo louma gwa pakati pa chithunzi pamatsala poyera. Ndimadinda choimirira, thupi lonse likutsamira pa zikhatho, kutsika kamodzi, kukwera kamodzi, osagwedeza. Chidindo chikakhala chachikulu ndimatembenuza ntchito: chidindo pansi, pepala pamwamba, n'kutikita ndi msana wa supuni.

Njira yomwe ndimaikonda koposa ndi yodinda kawiri kapena katatu osawonjezera penti. Koyamba bwato limatuluka lakuda, kachiwiri lotuwa, kachitatu longooneka patalipatali. Ukawayala bwino, wapeza mabwato atatu, lina pagombe, lina pakati, lina likuzimiririka chakutsidya, onse ochokera ku chidutswa chimodzi cha chubu. Kuti dzuwa likhale kuseri kwa bwato, ndimayamba ndadinda bwatolo, n'kuliphimba ndi kapepala kodula mofanana nalo, kenako n'kudinda dzuwa pamwamba. Ndikachotsa kapepala, dzuwa labisala lokha. Pa mitundu iwiri ndili ndi timatabwa tiwiri tokhomera pangodya, pepala ndi chidindo zonse zimatsamira pamenepo kuti wofiira asaphonye wakuda.

Alendo a m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja amakonda njovu, makamaka chiyambire 2016 ndi 2017 pomwe a African Parks anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Ndimasema, ndalama yake ndi yabwino. Amakondanso mkuyu uja wa pafupi ndi chipatala cha St Anne's, womwe amati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, ndi tchalitchi cha All Saints momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanja mu 1895. Chomwe ndimachita nacho mphwayi ndi ngalawa ya matanga. Papepala ndi yokongola kuposa zonse, koma aliyense wobadwira kuno amadziwa katundu yemwe ngalawa za Jumbe zinkawolotsa kupita kutsidya. Mlendo akaumirira ndimamudindira, koma ndimayamba ndamuuza, ndipo pa khadi la chisangalalo sindiiyika.

Anthu akwathu amabwera ndi zina. Tawuni yathu ili ndi mizikiti ndi matchalitchi moyandikana, ndiye chaka changa chili ndi nyengo ziwiri za malonda: mwezi ndi nyenyezi pa Idi, khola la ng'ombe pa Khirisimasi, ndipo nyenyezi yake ndi labala mmodzi yemweyo. Makhadi a ukwati anachepa chibwerere WhatsApp, anyamata amangotumiza chithunzi kwa anthu mazana. Koma amalume, amfumu, abusa, ashehe ndi apongozi satumiziridwa pa foni, amafuna chogwira m'manja. Choncho m'malo mwa makhadi ambirimbiri, mabanja amaitanitsa ochepa, a akuluakulu okhaokha. Ndimadinda malire a khadi ndi nkhunda ziwiri, kapena nsomba ziwiri za chambo zoyang'anizana ngati mkwati ndi msodzi, koma dzina la woitanidwa ndimawauza kuti alembe okha ndi cholembera.

Mtengo timagwirizana mosavuta. Chomwe chimadya tsiku ndi mtundu. A kuchikazi amabwera ndi kachidutswa ka chitenje cha ukwati, akufuna penti wofanana nacho ndendende, a kuchimuna akufuna golide yemwe anaona pa khadi la ku Lilongwe. Ndimawadindira zitsanzo ziwiri, n'kuwatulutsira mpando pakhonde kuti ankhoswe akambirane, ine n'kubwerera kukasefa katondo wanga.